Mfundo Ziwiri pa Chingwe Chofiira

1

Dzina langa ndine Edson, kalaliki wa pasikelo pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo. Dzina la esitetiyo ndilibisa chifukwa ntchito ndikuifunabe. Zina zonse ndinena, ngakhale zondichititsa manyazi, poti manyaziwo ndinawaputa ndekha dzuwa likuswa mtengo.

Ntchito yanga ndi yokayikira anthu. Othyola tiyi akabwera ndi madengu pashedi, ine ndimapisa dzanja mpaka pansi, chifukwa pamwamba amayala nsonga zanthete koma pansi pamabisala masamba okhwima, nthawi zina ndi mwala womwe. Ndakhala ndikupisa m'madengu a anthu kwa zaka khumi ndi ziwiri, ndipo khalidwe limenelo ndinkapita nalo ndi kunyumba komwe.

Tikayeza masamba timathira m'matumba. Thumba la masamba abwino timamanga ndi chingwe chobiriwira, limapita kumakina. La masamba okhwima timamanga ndi chofiira, kuti kufakitale akalisankhenso. Tsiku limene ndinayamba ntchito, kapitawo anandiuza lamulo limene silinalembedwe paliponse.

"Chofiiracho uzimanga mfundo ziwiri. N'za Che Stambuli zimenezo."

Che Stambuli ndi mwini lole imene inkanyamula masamba kuchoka pashedi yathu kupita kufakitale. Ndi Msilamu wa ku Bvumbwe, bambo wamtali wa imvi zapatalipatali, wosalankhulalankhula, ndipo mkazi wawo anamwalira kalekale. Maso awo sasiyanitsa chofiira ndi chobiriwira. Pokweza matumba ankangopapasa pakamwa pa thumba. Mfundo ziwiri, kumbuyo. Mfundo imodzi, kutsogolo. Sanasokonezepo ngakhale tsiku limodzi.

Anyamata apashedi ankakonda kuwaputa. "Che Stambuli, nanga pamaloboti ku Limbe mumatani?"

"Lapamwamba likayaka ndimaima, lapansi likayaka ndimapita," ankayankha choncho osakwiya. "Inu oona bwinonu, bwanji mumagwa ndi njinga zomwe?"

Ndinkaseka nawo kwambiri, mwinanso kuposa onse.

2

Mkazi wanga ndi Lilly. Amagulitsa tomato, ndipo nthawi imeneyo ankaika benchi yake pakhomo pathu, kunyumba za antchito. Lachitatu lililonse ankapita ku Bvumbwe kukaoda. Tili ndi mwana mmodzi, Mwai, amene anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri.

Loweruka lina masana kunabwera mayi wina wogula. Lilly anali ndi thovu la sopo m'manja, ndiye anatuma mwana.

"Mwai, wasankhire anti tomato wakupsa, wofiira bwino."

Mwanayo anagwada pabeseni, kusankha mosamala, lilime lili panja. Anabwera ndi tomato asanu, atatu mwa iwo aawisi, obiriwira ngati masamba a tiyi. Wogula uja anaseka. Ine ndinayembekeza kuti Lilly akalipa, chifukwa pankhani ya malonda sasekerera munthu. Koma sanakalipe. Anaima chilili, thovu likudontha, kenako anandiyang'ana msangamsanga n'kubweza maso. Kuyang'ana kumeneko ndimakudziwa. Ndi mmene amandiyang'anira wothyola tiyi amene waika mwala m'dengu.

Wogula atapita ndinatenga kope la Mwai la kusukulu. Aphunzitsi anawauza kuti ajambule munda wa tiyi n'kupaka chekeni. Mwana wanga, wobadwira pakati pa tiyi, anapaka munda wonse chekeni chofiira. Pansi pake aphunzitsi analemba kuti asiye chibwana.

M'thumba la thalauza langa simusowa zingwe zakuntchito. Ndinatulutsa ziwiri, chofiira ndi chobiriwira, n'kuziyala pantchafu.

"Mwai, tabwera. Chofiira n'chiti apa?"

Anayang'ana, kuyang'ananso, kenako anandiyang'ana ine ngati ndikumupusitsa.

"N'zofananatu adadi."

"Yang'anitsitsa."

Anazitola n'kuziyendetsa m'zala zake. Nkhope yake inawala. "Zasiyana! Ichi chili ndi mfundo ziwiri."

Mmene zala zakezo zinkapapasira chingwe, ndinaona dzanja lina, lalikulu, limene ndinkaliona tsiku lililonse pashedi. Kwathu kulibe munthu wa maso otere, kuyambira agogo mpaka zidzukulu. M'dera lonselo ndinkadziwa munthu mmodzi yekha.

3

Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kupisa m'dengu la banja langa, ndipo chilichonse chimene ndinagwira chinkaoneka ngati mwala.

Ndinakumbukira kuti tisanakwatirane Lilly ankathyola tiyi pashedi yomweyo imene Che Stambuli ankanyamulapo masamba. Ndinakumbukira kuti chaka chathachi, pa Idi, mkuluyu anatibweretsera mwendo wa mbuzi ndi nsapato za Mwai, saizi yeniyeni, ine n'kuthokoza ngati chitsiru. Ndinakumbukiranso kuti Lilly anagula poto watsopano n'kuletsa kuti asadzaphikiremo nkhumba, pamene tonse m'nyumbamo timadya nkhumba. Pafoni yake panali nambala yolembedwa kuti "Tomato Bvumbwe". Ndinaiyerekeza ndi nambala imene inali m'foni yanga. Inali ya Che Stambuli.

Lachitatu lotsatira ndinanama kuntchito kuti ndadwala mutu, n'kukwera minibasi yobwera pambuyo pa imene anakwera Lilly. Atatsika pa Bvumbwe sanapite kwa alimi a tomato. Anadutsa kuseri kwa masitolo, kontena ya chakudya ili m'manja, mpaka panyumba ina ya mpanda wa njerwa. Lole ija inali panja. Ndinasuzumira pampata wa geti.

Che Stambuli anali pakhonde, ndipo Lilly anagwada pambali pawo akuwathirira madzi osamba m'manja. Atatha anakhala pamkeka n'kumawayang'ana akudya. Ankaseka kuseka kumene kunyumba kwanga kunali kutasowa. Kenako mkuluyo anaika dzanja pamutu pa mkazi wanga, n'kulisiya pomwepo.

Ndinafuna kuthyola geti, koma ndine kalaliki, sindigwira munthu ndisanamalize kuyeza. Ndinabwerera n'kukamudikira kunyumba.

"Tomato wa lero anali wokoma?" ndinamufunsa atangotula dengu.

"Wakwera mtengo."

"Nanga Che Stambuli anakhuta?"

Anakhala pansi pomwepo, pafumbi. Sanakane, sanalire.

"Bambo a Mwai, sindinakulakwireni. Chimenechi chokha mukhulupirire."

"Ndiye umakatani kunyumba ya mwamuna wopanda mkazi?"

"Amadwala shuga. Ana awo onse ali ku Joni."

"Iwe ndiwe nesi? Odwala shuga atha m'Thyolo muno?"

"Sindingakuuzeni."

"Lumbira kuti Mwai ndi wanga."

"Mwai ndi wanu, ndipo ndilumbira paliponse pamene mungafune. Koma zinazo musandifunse. Ndinalumbira kale kwina."

Mawu akuti kwinawo anandiwotcha kuposa zonse zimene ndinaona pageti paja.

4

Ndinkafuna umboni wa papepala, wokhala ndi chidindo. Ndinatenga Mwai kupita naye kuchipatala cha maso ku Blantyre. Mwanayo anasangalala njira yonse, akuwerenga magalimoto pawindo, poganiza kuti bambo ake amutengera kokayenda.

Dokotala anali mayi wachitsikana wa magalasi. Anatsegula kabuku kodzaza ndi timadontho tamitundumitundu, ndipo pakati pa timadonthoto panali manambala. Ine ndinkawaona bwinobwino. Mwai anatchula nambala yoyamba, koma pamasamba otsatira ankangopukusa mutu.

"Palibe nambala apa, anti."

Dokotala anamusisita paphewa n'kutembenukira kwa ine. "Anavulalapo m'maso kapena m'mutu?"

"Ayi."

"Anamwapo mankhwala a TB, kapena ena aliwonse kwa nthawi yaitali?"

"Ayi."

"Ndikufunsa chifukwa vutoli limatha kubwera ndi zinthu ngati zimenezo. Kwa akuluakulu limabweranso ndi shuga, matenda ena a maso, ngakhale ukalamba. Koma mwana wanuyu maso ake ndi athanzi. Kungoti mkati mwa diso muli timaselo timene timagwira mitundu, tina chofiira, tina chobiriwira, tina buluu. Mwa iyeyu gulu limodzi siligwira bwino, ndiye chofiira ndi chobiriwira zimamusokonekera. Anabadwa nazo, ndipo sizikula. Adzaphunzira, adzagwira ntchito, bola aphunzitsi adziwe asamamukalipire."

Zonsezo zinangondidutsa. Ine ndinabwerera funso limodzi.

"Ndiye kuti n'zakumtundu?"

"Eya, zimayenda m'magazi. Koma mmene zimayendera ndi mochititsa chidwi, chifukwa mwana wamwamuna..."

"Basi adokotala, ndamva. Ingolembani papepala kuti n'zakumtundu."

"Bambo, takhalani kaye pansi ndikufotokozereni."

"Minibasi itisiya."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kulemba, n'kudinda. Ndinapinda pepalalo mosamala ngati satifiketi. Panja Mwai anapempha chipisi, ndipo ndinamugulira. Ndinakhala n'kumamuyang'ana akudya, ndikufufuza mphuno ya Che Stambuli pankhope yake. Ndinaipeza. Ndinapezanso makutu, ngakhale kuti anthu onse amati makutu a Mwai ndi anga.

5

Ndinauza Lilly kuti nkhaniyi ipita kwa ankhoswe, ndipo ikakambidwira kwawo ku Nchilamwela, pakhomo pa makolo ake. Kwa nthawi yoyamba anagwada n'kundigwira miyendo.

"Nditengereni kwa abusa. Nditengereni kukhoti. Ndithamangitseni lero lomwe ngati mukufuna, ndipita osatenga ngakhale supuni. Koma osati pakhomo pa ababa."

Ndinati mumtima, wagwidwa, akuopa manyazi.

Apongozi anga aamuna, a Zakeyu, ndi telala. Makina awo amakhala pakhonde, ndipo madiresi a ukwati a theka la mudziwo anasoka ndi iwo. Analinso mkulu wa mpingo. Lilly ndi mwana wawo yekhayo, ndipo samutchula dzina, amangoti "mayi wanga". Tsiku la ukwati wathu analira kuposa akazi awo, mayi Eneless. Ine ndinkafuna kuti bambo ameneyu aone ndi maso ake chimene mwana wake wokondedwayo anali. Nkhanza zimenezo ndinkazitcha chilungamo.

Ndinaitana amalume anga, amene ndi ankhoswe anga. Ndinaimbiranso mlongo wanga Hazel, nesi ku Blantyre, kuti adzawerenge pepala la chipatala pagulu, anthu asadzati ndikupeka.

"Nkhani yake ndi yotani, achimwene?" anafunsa pafoni.

"Udzamva konko. Umboni ndili nawo wokwanira."

Che Stambuli ndinawanamiza. Ndinawauza pashedi kuti apongozi ali ndi matumba a nandolo ofuna kupita kumsika Loweruka. Nditatchula Nchilamwela anayamba kupukuta manja ndi kansanza.

"Pakhomo pa a Zakeyu?"

"Pomwepo. Mukupadziwa?"

"Ndinkadutsako kale," anatero. "Ndibwera."

Lachisanu ndisanaweruke ndinadula zingwe zisanu ndi chimodzi, zitatu zofiira, zitatu zobiriwira, zonse zotalika mofanana. Sindinamange mfundo ngakhale imodzi.

6

Loweruka m'mawa tinakhala pabwalo la a Zakeyu. Amuna tinali pamipando, Lilly ndi mayi ake pamphasa, ankhoswe a mbali zonse ziwiri alipo. A Zakeyu anakhala pakhonde pafupi ndi makina awo, akusoka pamanja mpendero wa diresi lofiira. Lole itangoima pamsewu, anansi anayamba kubwera mmodzimmodzi, wina ngati akudzabwereka sefa, wina ngati akufuna nkhuku yake. Sindinawathamangitse. Ndinkafuna mboni.

Che Stambuli atalowa n'kuona mmene anthu akhalira, anadziwa kuti kulibe nandolo. Anapereka moni, n'kukhala pampando umene ndinawalozera. Mayi Eneless anakokera mpango kumaso.

Ndinaimirira n'kufotokoza zonse: poto, nsapato, nambala ya foni, dzanja pamutu. Ankhoswe anafunsa Lilly ngati zinali zoona.

"Kupitako ndimapitadi," anayankha, maso ali pamphasa.

"Kukatani?"

Anamufunsa katatu. Mayi wina kumpanda anatulutsa mawu onyansa amene sindingawalembe pano, ndipo Lilly anangowameza.

Apo ndinayala zingwe zija patebulo.

"Che Stambuli, tatipatulirani zofiira."

Mkuluyo anatambasula dzanja mwachizolowezi, kupapasa chingwe choyamba, chachiwiri. Atapeza kuti palibe mfundo anabweza dzanja n'kundiyang'ana.

"Bwana kalaliki, zaka khumi ndi ziwiri mwakhala mukundimangira mfundo. Lero mwaona kuti mundimasulire pagulu?"

"Patulani."

Anapatula zitatu. Ziwiri zinali zobiriwira. Anthu anang'ung'udza.

Ndinaitana Mwai, amene ankasewera kuseri kwa nyumba. Anabwera akuthamanga, akuganiza kuti ndi masewera athu aja. Anafunafuna mfundo, osazipeza, ndiye anangotola zitatu n'kundipatsa akumwetulira. Nayenso anasakaniza.

Ndinakweza pepala la chipatala m'mwamba. "Mwaona nokha. Dokotala walemba apa kuti zimenezi n'zakumtundu. Kwathu kulibe. Ndiye ndikunena pamaso pa nonse, mwana uyu si wanga. Bambo ake ndi awa akhala apawa."

Mwai anali ataima pafupi ndi bondo langa, zingwe zina zili m'manja. Kumwetulira kuja kunazima pang'onopang'ono. Ndinaona, koma ndinapitiriza kulankhula.

7

Hazel anandilanda pepala lija. Analiwerenga, kenako anandiyang'ana ngati ndamutukwana.

"Achimwene, umboni wanu uja ndi umenewu? Dokotala sanakufotokozereni?"

"Analemba. Werenga."

"Mwatichititsa manyazi." Anatembenukira kwa ankhoswe. "Akuluakulu, pepani, ndilankhule monga wachipatala. Vuto ili bambo sangapatsire mwana wake wamwamuna, ngakhale atafuna. Limayenda pa kanthu kamene timati X. Mwana wamwamuna amalandira X kwa mayi ake okha, kwa bambo amalandira kena. Bambo wa maso otere amapatsira mwana wake wamkazi. Mwana wamkaziyo amaona bwinobwino, amangonyamula, ndiye akadzabereka ana aamuna, ena mwa iwo amatengera. Zingwe zanuzi sizikunena chilichonse za bambo ake a Mwai. Ngati mukufuna kumene zachokera, musafunse amene anagona ndi alamu. Funsani amene anabereka alamu."

Ananena mokweza, monyadira, poganiza kuti akupulumutsa mlamu wake. Koma maso onse anapita pakhonde, pamene a Zakeyu anagwira singano ya ulusi wofiira wofanana ndendende ndi diresi, ulusi umene anausankha okha pakati pa mitundu makumi awiri. Kenako maso omwewo anapita kwa Che Stambuli.

Hazel anazindikira chimene wachita. "Komanso zimatha kuchokera kuchikazi," anawonjezera mofulumira. "Mwina mayi awo a alamu ndi amene ananyamula, kuchokera kwa makolo awo. Zimachitika kwambiri, si kuti..."

Zinali zoona, ndipo zikanatha kutseka nkhaniyo. Koma mayi Eneless anali atayamba kale kulira. Anakwawa kuchoka pamphasa kulunjika pakhonde.

"A Zakeyu, ndikhululukireni. Ine ndi amene..."

Lilly anawalumphira n'kuwatseka pakamwa ndi dzanja. "Amayi, ayi! Munandilumbiritsa nokha! Asiyeni anene kuti ndine hule, ndavomera, ndavomera!"

A Zakeyu anabaya singano pansalu n'kuika diresi pamakina. Analankhula motsitsa, moti anthu akumpanda anachita kusendera.

"Mayi wanga, wasiye amako. Palibe chimene angandiuze chachilendo. Chaka chimene unabadwacho ndinali kufodya ku Kasungu. Ndinabwera mu Epulo, iwe unabadwa mu Okutobala, wonenepa, wa miyezi yokwana. Ndine telala, kuyeza ndimadziwa. Ndipo lole imene inkaima pamsewu apo anthu anandiuza."

Che Stambuli anaweramitsa mutu mpaka chipewa chinatsala pang'ono kugwa.

"Ndinabwera kuchipatala ndili ndi mawu oti ndinene," anapitiriza a Zakeyu. "Anandipatsa iwe kuti ndikunyamule, ndiye unandigwira chala. Mawu aja anathera pomwepo. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi ndapempha Mulungu chinthu chimodzi, kuti usadzadziwe."

"Ababa, ine ndimabisira inu," anatero Lilly. "Amayi anandiuza chaka chatha, akupita ku opaleshoni, ankayesa kuti sadzuka. Ndinangofuna ndiwaone munthuyo. Nditawapeza akudwala okhaokha, ndinalephera kuwasiya. Koma bambo anga ndinu."

Anagwirana pakhondepo, akulankhulana m'Chilomwe, onse akulira. Ine ndinali chiimire pakati pa bwalo, ndipo panalibe amene ankandiyang'ana. Patapita nthawi a Zakeyu anadzutsa mutu.

"Akamwini, msoko umenewu ndausoka zaka zonsezi, tsiku ndi tsiku. Inu mwauphwasula m'mawa umodzi, pamaso pa mudzi. Mwapeza chimene mumafuna?"

Ndinayang'ana pamene panaima Mwai. Panali zingwe zokha pansi.

8

Papita miyezi isanu ndi itatu. Nkhani inafika kuesiteti ine ndisanafike. A Zakeyu anatula pansi ukulu wa mpingo, ati sangaime kutsogolo anthu akunong'onezana za akazi awo. Mayi Eneless satulukanso pakhomo, ngakhale kuchigayo amatuma anthu. Che Stambuli anasiya kunyamula masamba pashedi yathu. Amene amabwera tsopano amaona mitundu bwinobwino, koma manja anga amamangabe mfundo ziwiri pa chingwe chofiira, ndipo anyamata anasiya kundifunsa chifukwa chake.

Lilly sanabwerere. Ali ku Nchilamwela ndi mwana. Ankhoswe apitako kanayi kukandipepesera. Ulendo womaliza Lilly anawauza kuti za uhule anakhululuka kale, chifukwa iyenso anandibisira ndipo mwamuna aliyense akanadabwa. Chimene sanathe kumeza ndi chakuti anandigwira miyendo kundipempha malo ena alionse, ine n'kusankha pakhomo pa bambo ake. Sanati ukwati watha, sanatinso ulipo.

Amandilola kukaona Mwai Loweruka lililonse. Masabata oyamba ankathawira kuseri kwa makina a agogo ake. Mwezi watha ndinamugulira bokosi la chekeni. Ndinapempha ulusi kwa a Zakeyu, ndipo anandipatsa. Ndinakhala pakhonde n'kumanga mfundo ziwiri pa chekeni chofiira, imodzi pa chobiriwira, kuti aphunzitsi asadzamulemberenso kuti ndi wachibwana.

Mwai anabwera pang'onopang'ono n'kukhala chapatali. Anatenga chekeni chobiriwira, kupapasa mfundo, n'kuyamba kupaka munda wa tiyi m'kope lake. Anapaka bwino, osatulukira kunja kwa mizere. Ndinamva misozi ikubwera. Kenako, osadzutsa mutu, anafunsa ndi mawu wamba, ngati akufunsa nthawi.

"Lero ndine mwana wa ndani?"

"Wanga, Mwai. Ndiwe wanga masiku onse."

"Tsiku lija munati si ine wanu."

"Ndinalakwitsa. Sindinamvetse zimene adokotala ananena."

Anapitiriza kupaka. "Ndiye mukadzapandanso kumvetsa?"

Ndinatola chekeni chofiira n'kuyamba kukokanso mfundo zake.

Inu amene mukuwerenga, mwina muli ndi mwana amene amatola tomato wamuwisi, kapena amapaka udzu chekeni chofiira. Musamumenye, si chibwana. Mupite naye kuchipatala, ndipo dokotala akati khalani pansi, mukhale pansi mpaka amalize. Ine ndinathamangira minibasi. Mwinanso muli ndi kanthu kamene mwakagwira pansi pa dengu la m'nyumba mwanu, ndipo mwatsimikiza kale kuti ndi mwala. Sindikuuzani kuti musafunse. Chinsinsi chinalipodi m'banja langa, pamenepo sindinaname. Koma sichinali changa, ndipo anthu awiri amene ankachisunga, Lilly ndi a Zakeyu, ankatero chifukwa chokondana. Ndinkaseka Che Stambuli kuti saona, pamene iwo ankadziwa malire a maso awo n'kumapapasa kaye asananyamule thumba.

Loweruka likubwerali ndipitanso ku Nchilamwela. Mwai anasiya kundithawa, ndipo nthawi zina amandiperekeza mpaka pamsewu. Koma chichokere tsiku lija sananditchulepo kuti adadi. Akafuna kundiitana amangondikoka malaya.